Momwe mungasakire mabotolo akale agalasi m'madzi osaya a kumadera otentha

Kalekale, matauni a m'mphepete mwa nyanja asanayambe kutolera zinyalala mwadongosolo, madzi ndiwo anali dzala la aliyense. Amalinyero akamaliza chakumwa ankaponya botolo m'nyanja, ndipo eni nyumba zogulitsiramo mowa pafupi ndi madoko ankachitanso chimodzimodzi. Zitsulo za nthawi imeneyo zinatha ndi dzimbiri, matabwa anaola, koma galasi likakwiririka m'matope limakhala zaka mazanamazana. N'chifukwa chake munthu wodziwa poyang'ana angathe kutola botolo la zaka 150 m'madzi olekeza m'chiuno, popanda zida zodula za akatswiri omira pansi pa nyanja.

Musanavule n'komwe nsapato, fufuzani malamulo a dziko limene mukufuna kusakamo. Mayiko ambiri amaona zinthu zakale zopezeka m'madzi ngati chuma cha boma, ndipo pangano la UNESCO la mu 2001 limateteza zinthu za mbiri yakale zimene zakhala m'madzi kwa zaka 100 kapena kuposerapo. Malo amene sitima inamira, malo otetezedwa a zamoyo zam'nyanja, ndiponso malo onga Port Royal ku Jamaica, tauni imene mbali yake yaikulu inamira pa chivomezi cha mu 1692, si malo otolako kanthu. Funsani ku ofesi yoona zinthu zakale kapena kumalo osungirako zinthu zakale, ndipo ngati pakufunika chilolezo, chikhale cholembedwa.

Chachiwiri ndi kusankha malo, ndipo apa ndi pamene pagona ntchito yaikulu. Gombe lokongola la mchenga woyera, kumene mafunde amawomba mwamphamvu, silipatsa kanthu, chifukwa botolo lililonse limene linagwera pamenepo linasweka kale ndipo zidutswa zake zinapereseka. Malo abwino ndi a madzi odikha ndi matope ofewa, kumene anthu ankasonkhana kale: pansi pa doko lakale limene latsala zitsa za mizati yokha, pamene sitima zinkaponya nangula, pamene bwato lowolotsa anthu linkakocheza, ndi kuseri kwa nyumba zakale za amalonda kapena za asilikali. Yerekezani mapu akale ndi a masiku ano kuti muone pamene gombe linali, popeza madoko ambiri anakwiriridwa kapena kusamutsidwa. Asodzi achikulire amadziwa malo amene maukonde awo amakolamo mabotolo, choncho ndi bwino kucheza nawo mwaulemu. Mukafika pamalopo, yendani kaye pamtunda. Zidutswa za galasi lochindikala lobiriwira moderako, zidutswa za mbale zadothi ndi timapaipi tadothi tosutira fodya ndi umboni wakuti m'madzimo mungakhale mabotolo athunthu.

Nthawi yabwino yolowera ndi pamene nyanja yaphwa kwambiri, zomwe zimachitika mwezi ukakhala watsopano ndiponso ukakhala wathunthu. Werengani ndandanda ya kukwera ndi kutsika kwa madzi a m'deralo, mulowe madzi akadatsika, ndipo mutuluke akangoyamba kubwerera, chifukwa pamalo athyathyathya amabwera mofulumira kuposa momwe munthu amayendera m'matope. Masiku otsatira namondwe nawonso ndi abwino madzi akayera, popeza mafunde amakhala atavundukula zimene zinakwiririka.

Zida zofunika ndi zochepa: magalasi oonera m'madzi ndi kapaipi kopumira, magolovesi ochindikala, nsapato zolimba kunsi, thumba la ukonde, ndi kachitsulo kakatali kosasongoka kofufuzira m'matope. Mukhalenso ndi mbendera yoyandama yochenjeza oyendetsa maboti, ndiponso mnzanu wokuyang'anirani. Musalowe nokha ngakhale madziwo akhale osaya.

Posaka, yendani molunjika kumene madzi akuchokera, kuti matope amene mwavundula atsalire kumbuyo kwanu. Musayembekeze kuona botolo lonyezimira. Pansi pa madzi limakhala litakutidwa ndi ndere ndi tizigoba, ndipo mtundu wake umafanana ndi wa miyala yozungulira, kotero chimene diso liyenera kuphunzira ndi maonekedwe: mzere wowongoka kwambiri, kamlomo kozungulira bwino kotulukira pamchenga, kapena tsinde lolowa m'kati. Pamatope, zikani kachitsulo pang'onopang'ono. Kakagunda mwala kamamveka mogontha, koma kakagunda galasi kamalira mosalala ndi kuterereka. Mukapeza botolo lokwiririka, musalizule pogwira khosi, chifukwa ndi pomwe limathyoka. Kupizani dzanja pamwamba pake kuti madzi achotse mchenga, mpaka botololo limasuke lokha.

Pali ngozi zimene siziyenera kupeputsidwa. Botolo lokhala pansi pa nyanja nthawi zambiri limakhala nyumba ya chamoyo china, ndipo m'nyanja za Indian ndi Pacific mungakhale octopus (kanyama kam'nyanja ka miyendo isanu ndi itatu) wamng'ono wa mawanga abuluu ozungulira, amene ululu wake umapha munthu. Choncho musapise chala m'kamwa mwa botolo, ndipo liyang'aneni bwino lili m'madzi momwemo musanaliike m'thumba. Ngati muli chamoyo, kapena pameramera korali wamoyo (tizamoyo tomanga zinthu zolimba ngati miyala pansi pa nyanja), lisiyeni pomwepo. Poyenda, khwekhwerezani mapazi kuti nsomba ya stingray yobisala mumchenga ithawe musanaiponde, ndipo musamale ndi stonefish, imene imaoneka ngati mwala koma ili ndi minga yaululu woopsa. Kumathiriro a mitsinje kungakhale ng'ona, ndipo m'madzi opanda mchere a kumadera otentha muli likodzo. Bala la galasi m'madzi ofunda limatukusira msanga: tulukani, litsukeni ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo likayamba kutupa kapena kufiira thamangirani kuchipatala. Katemera wa kafumbata akhale woti munalandira.

Mbali yokondweretsa koposa ndi kuwerenga zaka za botolo, ndipo botolo lenilenilo ndi limene limakuuzani. Yambani ndi kunsi kwake. Ngati pali chipsera chokhakhala pakati, ndiye kuti linawuzidwa ndi pakamwa, ndipo chipseracho ndi pamene ndodo yogwirira inathyoledwa mmisiri atamaliza kuumba mlomo. Njira yogwira botolo ndi ndodo imeneyi inayamba kutha cha m'ma 1860. Kenako tsatirani msoko wa m'mbali, umene umasiyidwa ndi chikombole monga momwe chikombole chimasiyira mzere pa njerwa. Msoko ukathera pakhosi osafika pamlomo, ndiye kuti mlomowo unamalizidwa ndi manja. Ukadutsa mpaka pamwamba penipeni, botololo ndi la makina, amene anafala pambuyo pa makina a Michael Owens a mu 1903. Timathovu ta mpweya m'galasi, khosi lopendekeka pang'ono ndi khoma lochindikala mosafanana ndi zizindikiro za ntchito ya manja, ndipo ine ndimaona kuti kupanda ungwiro kumeneku ndiko kukongola kwake.

Maonekedwe nawo amanena zambiri. Botolo lalifupi lotukuka mimba, lobiriwira mochita kuda, ndi la vinyo la chakumapeto kwa zaka za m'ma 1600 ndi kumayambiriro kwa m'ma 1700. La makona anayi lochepa kunsi linali la mowa wa jini, makamaka wochokera ku Netherlands, ndipo linapangidwa motero kuti lilongedzeke bwino m'bokosi. Losongoka kunsi, losatheka kuimika, linali la zakumwa za gasi: linkagona chammbali kuti chotsekera chake chikhale chonyowa, gasi asatuluke. Lokhala ndi kampira kagalasi m'khosi ndi la mtundu wa Hiram Codd wa mu 1872, ndipo lathunthu limasowa chifukwa ana ankawaswa pofuna kampirako. Mlomo wa chitsekerero chachitsulo chamanomano sungakhale wakale kuposa 1892, chaka chimene William Painter anatulukira chitsekererocho. Zilembo zotukuka pagalasi, monga dzina la kampani kapena la tauni, zimathandiza kupeza kumene botolo linachokera.

Mukatulutsa botolo m'madzi amchere, musalilole kuti liume, ndipo musaliike padzuwa. Mchere umene unalowa m'timing'alu ta galasi ukauma umatupa ndi kukanganula khungu lake. Liikeni m'ndowa ya madzi abwino, muzisintha madziwo masiku angapo alionse kwa milungu ingapo, ndipo madziwo asakhale otentha kapena ozizira kwambiri, chifukwa galasi lakale limang'aluka kutentha kukasintha mwadzidzidzi. Tizigoba timafewa mukaviika botolo mu viniga wosungunula ndi madzi, kenako n'kutichotsa ndi kamtengo kapena burashi yofewa, osati waya. Ngati galasi lili ndi khungu lonyezimira mitundumitundu limene likusupuka, musalikweche kapena kulithira viniga, popeza khungulo ndi galasi lomwe limene lasintha; funsani katswiri wosamalira zinthu zakale. Lembani papepala tsiku, malo ndi kuya kwa madzi pamene munalitola, mulijambule chithunzi, ndipo ngati munapeza mabotolo ambiri ofanana ataunjikana pamodzi ndi matabwa kapena miyala, asiyeni osawasuntha ndi kukadziwitsa akuluakulu oona zinthu zakale, chifukwa mwina pamenepo panamira sitima.