Kampani yosunga chuma ndi kampani yoyendetsa ntchito: malangizo kwa amalonda a ku Mangochi

Mabanja ambiri amalonda kuno ku Mangochi amayamba ndi boti limodzi la injini, kenaka amagula lole yonyamulira usipa kupita ku Limbe, ndipo zikawayendera amamanga malo ogona alendo ku Monkey Bay kapena ku Cape Maclear. Chodetsa nkhawa n'chakuti zonsezi zimakhala m'dzina la munthu mmodzi, moti lole ikachita ngozi khoti n'kugamula chipukuta misozi chachikulu, ngongoleyo ikhoza kutenga ndi malo ogona alendo omwe.

Njira yopewera zimenezi ndi kugawa bizinesi m'makampani osiyana. Kampani yaikulu imasunga malo, nyumba ndi masheya, koma siigulitsa kanthu. Kampani yoyendetsa ntchito ndiyo imalemba antchito, kugula mafuta, kutenga laisensi ya usodzi, kusainirana mapangano ndi ogula komanso kusenza milandu yonse yochokera pa malondawo. Chitsanzo tili nacho pafupi: Maldeco, kampani ya nsomba, yakhala zaka zambiri pansi pa Press Corporation, kampani yomwe ilinso ndi masheya mu National Bank of Malawi ndi TNM, koma amene ankaponya makoka m'nyanja ndi a Maldeco, osati a Press Corporation. Lamulo la makampani la 2013 limaona kampani iliyonse yolembetsedwa ngati munthu payekha, wokhala ndi katundu wake ndi ngongole zake, ndipo limalola ngakhale munthu mmodzi kulembetsa kampani.

Komatu kulembetsa kokha sikuteteza munthu, ndipo apa ndi pamene ambiri amaphonya. Kampani yoyendetsa ntchito iyenera kukhala ndi akaunti yake kubanki, nambala yake ya msonkho ku MRA ndi mabuku ake a ndalama. Ngati ikugwiritsa ntchito boti kapena nyumba ya kampani yaikulu, pakhale mgwirizano wolembedwa wa lendi, ndipo mtengo wake ukhale wofanana ndi umene munthu wapadera akanalipira, chifukwa a msonkho amaunika malonda a pakati pa makampani apachibale. Nyengo yotseka nyanja ikafika, sibwino kungotapa ndalama za malo ogona alendo kukalipirira alovi popanda kulemba paliponse. Ngati thandizolo ndi lofunika, lilembedwe ngati ngongole yodzabweza. Chimodzimodzinso fizi ya ana ndi ndalama za pamaliro, zomwe tonse tikudziwa kuti sizidikira, zichokere ku malipiro anu kapena ku phindu logawidwa mwadongosolo, osati m'kabati ya kampani.

Pa utsogoleri, bodi ya kampani yaikulu isankhe manejala wa kampani yoyendetsa ntchito, ivomereze bajeti, ndipo izilandira malipoti mwezi ndi mwezi, koma imusiye manejalayo kulamula ntchito za tsiku ndi tsiku. Mwini wake akamaimbira foni dalaivala kumuuza zosiyana ndi zimene manejala wanena, antchito sadziwanso womumvera.

Dziwaninso kuti banki ikhoza kupempha kampani yaikulu kapena inu eni kuti muikire chikole ngongole ya kampani yoyendetsa ntchito, ndipo mukasaina, katundu munamupatula uja walowanso m'ngongolemo. Kampani iliyonse imafunanso malipoti a chaka ndi chaka komanso wowerengera ndalama. Amene ali ndi boti limodzi kapena chigayo chimodzi asafulumire, kampani imodzi imukwanira. Amene ali ndi malonda awiri kapena atatu osiyana akaonane ndi loya asanasamutse katundu, poti kusamutsako kumakhala ndi misonkho yake.