Mmene mungadziwire maitanidwe anu ndi kuwamvera

Abale, nkhani ya maitanidwe ambirife timaisokoneza, timaganiza kuti woitanidwa ndi m'busa yekha kapena amene wagwira maiki kutsogolo, ayi ndithu. Yambani ndi pemphero komanso kuwerenga Baibulo tsiku ndi tsiku, foni muyiike kaye pambali, mawu a Mulungu ndi ovuta kuwamva mtima uli piringupiringu.

Kenako funsani okhwima mu uzimu. Samueli anaitanidwa katatu konse iye nkumathamangira kwa Eli, mpaka Eliyo ndi amene anazindikira kuti ndi Yehova akuitana mwanayo, ndiye nanunso musadzidalire nokha, pezani munthu wokudziwani bwino amene sangakunamizeni pongofuna kukusangalatsani. Onaninso chimene chimakuwawani mumtima mukachiona, kaya ndi ana amasiye, odwala, achinyamata osochera, kawirikawiri maitanidwe amakhala pomwepo.

Mukadziwa, yambirani pomwe mulipo, osadikira udindo kutchalitchi. Davide atadzozedwa anabwerera kaye kukaweta nkhosa za bambo ake. Koma ngati zomwe mukumvazo zikutsutsana ndi Malemba, monga kusiya ana anu ndi njala ati mukukatumikira, zimenezo zisiyeni, bwererani mukapemphere ndipo mukafotokozere abusa anu.