Kukhala pawekha osadzipweteka ndi maganizo

Kwathu kuno munthu ukangokhala phee pawekha, mafunso amayamba: "Mwakwiya? Kapena simukupeza bwino?" Ndiye yambani mwawauza apanyumba. Ine ndimangoti, "Bambo a ana, ndikukapitidwako mphepo, nsima muyambe kudya." Akazolowera sakutsatiraninso.

Malo musavutike nawo. Anzathu a ku Lilongwe amakwera phiri la Bunda kukapemphera, ife a ku Blantyre tili ndi Soche ndi Michiru, koma mayi kupita yekha kuphiri sindingalimbikitse. Tchalitchi pakati pa sabata chimakhala chopanda anthu, mabenchi okhaokha. Kuseri kwa nyumba m'bandakucha, ana asanadzuke, nakonso ndi malo. Foni isiyeni. Magulu a WhatsApp a maliro ndi zopereka ndiwo amatithamangitsa mtima, simungapume muli nawo m'manja.

Mukakhala pansi musayambe ndi kuganiza. Kokani mpweya ndi mphuno mukuwerenga mpaka 4, mutulutse pang'onopang'ono mpaka 6. Kutulutsa mpweya motalika kumachepetsa kugunda kwa mtima, mudzamva mapewa akutsika okha.

Kenako tengani kope la sukulu ndi bolopeni, mujambule mzere pakati pa tsamba. Kumanzere lembani zomwe mungachitepo kanthu, kumanja zomwe si zanu. Apa ndiye pagona nkhani. Ine ndimagulitsa kaunjika, ndipo kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa belo unandisowetsa tulo. Koma mtengo wa belo ndi wa kumanja, sindiukhazikitsa ine. Za kumanzere zinali zing'onozing'ono: kukalankhula ndi amayi a ku banki m'khonde za tsiku lobwezera, kusiya kukongoza makasitomala, kumuuza mlamu wanga kuti mwezi uno fizi ya mwana wake sindikwanitsa. Chomalizachi chinali chowawa, poti ambirife nkhawa zathu zimachokera pa kuopa kunena kuti ayi kwa achibale. Mukaziona zitalembedwa ndi dzanja lanu, mumazindikira kuti katundu wina mwasenza musanapemphedwe n'komwe.

Mphindi 20 zakwana. Mukapitirira, maganizo amayamba kuzungulira ngati chigayo chopanda chimanga, phokoso lokhalokha. Musananyamuke sankhani chinthu chimodzi cha kumanzere choti muchite tsiku lomwelo. Chimodzi basi. Mawa kapena mkuja mubwererenso, ndipo pakatha mwezi muwerenge masamba akale kuti muone dzina kapena ngongole yomwe ikubwerabwera.

Koma ngati patha masabata awiri tulo kulibe, chakudya sichikulowa, kapena mwayamba kuganiza zodzipha, musakhalenso panokha. Uzani munthu amene mumamukhulupirira lero lomwe, akuperekezeni kuchipatala cha boma chapafupi. Aphungu a matenda a maganizo aliponso ku St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe, komanso ku Zomba Mental Hospital.