Mmene Mungadziyezere M'kamwa Kuti Khansa Ipezeke Msanga

Khansa ya m'kamwa nthawi zambiri siyamba ndi ululu, ndipo ichi ndi chimene chimanyenga anthu mpaka kufika kuchipatala mochedwa. M'chaka cha 2022 anthu pafupifupi 390,000 padziko lonse anapezeka ndi khansa ya m'kamwa ndi pamilomo, chikhalirecho m'kamwa ndi malo amene munthu angathe kuwaona ndi maso ake. Kafukufuku wa ku Kerala m'dziko la India, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2005, anasonyeza kuti azaumoyo akamangoyang'ana m'kamwa mwa anthu osuta fodya kapena omwa mowa, imfa zobwera ndi nthendayi zimatsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu.

Kamodzi pamwezi sambani m'manja, tengani kalilole ndi tochi, ndipo ngati muli ndi mano oikirira muyambe mwawachotsa. Pindani milomo kuti muone mkati mwake, kokani masaya onse awiri ndi chala, yang'anani nkhama, kenaka pendeketsani mutu chagada kuti muone kumwamba kwa m'kamwa. Pa lilime ndi pamene muyenera kudekha kwambiri. Ligwireni kunsonga ndi kansalu koyera, mulikokere kumanzere ndi kumanja kuti mbali zake zioneke mpaka kumbuyo, kenaka mulikweze n'kuona pansi pake, chifukwa m'mbali mwa lilime ndi pansi pake ndi mmene khansayi imakonda kuyambira. Malizani ndi kupapasa pansi pa nsagwada ndi m'khosi, kufufuza chotupa cholimba chosasuntha.

Chimene muyenera kufufuza ndi banga loyera limene silichoka mukalipukuta, limene madokotala amalitchula kuti leukoplakia, kapena banga lofiira losalala lotchedwa erythroplakia. Lofiirali silipezekapezeka, koma ndi limene limasanduka khansa kawirikawiri kuposa loyera. Chilonda cha m'mbali molimba chimene chatha masabata awiri osapola, dzanzi pa mlomo, kapena dzino logwedera popanda chifukwa, zonsezi zionetsedwe kwa dokotala wa mano. Amene ali ndi kachilombo ka HIV ayang'anitsitse kumwamba kwa m'kamwa, pakuti khansa ya Kaposi, imene si yachilendo m'Malawi muno, imatha kutuluka pamenepo ngati banga lofiirira moderako. Dokotala akanena kuti adule kanyama kakang'ono kuti akakapime, musakane, chifukwa maso okha sangasiyanitse banga wamba ndi khansa.

Funsani akuluakulu ngati m'banja mwanu munadwalapo wina khansa ya m'kamwa kapena ya pakhosi, ndipo mukamuuze dokotala. Komabe ndikofunika kumvetsa kuti anthu ochepa okha ndi amene amatengera chiopsezo chachikulu kumtundu, monga obadwa ndi matenda a magazi otchedwa Fanconi anaemia, amene amatha kudwala khansayi akadali achinyamata ngakhale sanasutepo. Mwa anthu ambiri, tizigawo ta chibadwa ta m'maselo timawonongeka munthu ali moyo kale. Kamodzi mwa ito, kotchedwa TP53, ntchito yake ndi kuletsa selo lowonongeka kuti lisachulukane, ndipo utsi wa fodya umakawononga. Mowa nawo ukalowa m'thupi umasanduka poizoni wotchedwa acetaldehyde, ndipo anthu ambiri a ku China, Japan ndi Korea amabadwa ndi thupi lochedwa kuchotsa poizoniyu, n'chifukwa chake mowa umawapweteka msanga.

Choncho siyani fodya wa mtundu uliwonse, kaya ndudu, chingambwe kapena wopera uja amene ena amaika kuseri kwa mlomo poganiza kuti popanda utsi palibe vuto. Fodya ndi mowa zikaphatikizana, chiopsezo chimakula kuposa cha chilichonse pachokha, kotero amene amasuta uku akumwa kachasu ayenera kudziyeza mosadumphitsa mwezi. Idyani ndiwo zamasamba ndi zipatso, ndipo amene mumatandala padzuwa, makamaka achialubino, muzivala chipewa cha khonde kuti mlomo wam'munsi usapse.

Banga likachotsedwa, musaleke kupita kukaonedwa. Madokotala anazindikira kale mu 1953 kuti zinthu zoyambitsa khansa sizivulaza malo amodzi okha koma khungu lonse la m'kamwa, kotero kuti banga lina lingatuluke kumbali ina patapita zaka.