Mkodzo ukumadontha mukatsokomola kapena kuseka? Yambirani apa

Amayi anzanga, nkhani iyi sitiikamba kawirikawiri koma ikusowetsa mtendere anthu ambiri. Mungoti mwatsokomola, mwayetsemula, mwaseka kwambiri kapena mwanyamula chinthu cholemera, basi panti wanyowa, chonsecho mkodzo simunaumve n'komwe. Ena amavala padi tsiku lililonse ngati ali kumwezi, ena poseka pagulu amayamba apanikiza kaye miyendo. Achipatala amalitcha stress incontinence vutoli, ndipo chimene chimandiwawa ndi choti ambiri amangoti ndi ukalamba kapena ndi mmene zimakhalira ukabereka, pomwe thandizo lilipo.

Chimachitika ndi ichi. Pansi pa chiuno pali minofu yomwe imachirikiza chikhodzodzo, chiberekero ndi matumbo, ndipo imathandiza kutseka njira ya mkodzo. Mukatsokomola m'mimba mumakankhira pansi mwamphamvu, ndiye minofu ija ikakhala yofooka njira siitsekeka bwino, madontho amatuluka. Zimene zimaifooketsa kwambiri ndi mimba ndi kubereka, kusiya kusamba chifukwa cha ukulu, kunenepa kwambiri, chifuwa chosatha makamaka cha fodya, komanso kudzimbidwa koti kuchimbudzi mumachita kukakamiza nthawi zonse.

Musanayambe chilichonse onetsetsani kaye kuti vuto lanu ndi lomweli. Ngati mkodzo umakupanikizani mwadzidzidzi mpaka kutuluka musanafike kuchimbudzi, limenelo ndi vuto lina la chikhodzodzo, ngakhale ena amakhala nawo onse awiri. Ngati ukungotsika usana ndi usiku osalekeza makamaka mutabereka movutikira kapena mutapangidwa opaleshoni, akhoza kukhala fistula, kubooka kwa pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, ameneyo mafizo olimbitsa minofu ija sangamuchize, pitani kuchipatala msanga. Chimodzimodzi mukamamva kuwotcha pokodza, mukaona magazi mu mkodzo, kapena mukumva ngati chinthu chikutsika kunjira yoberekera.

Tsopano mafizo ake, omwe amadziwika kuti ma Kegel potengera dokotala wa ku America, Arnold Kegel, yemwe analemba za iwo mu 1948. Kodzani kaye, kenako gonani chagada mutapinda mawondo. Finyani kumusiko ngati mukuletsa mpweya woipa kuti usatuluke komanso mukugwira mkodzo nthawi imodzi, muzimva ngati mukukokera m'kati ndi m'mwamba. Gwirani masekondi atatu kapena asanu, masulani, pumani nthawi yofanana, bwerezaninso. Apa ndi pamene ambiri amaphonya, amalimbitsa matako, ntchafu kapena mimba, ena amagwira mpweya mpaka nkhope kufiira, ayi sichoncho. Ikani dzanja pamimba, ikhale yofewa ndipo muzipuma bwinobwino. Kumasula nakonso n'kofunika ngati kufinya komwe, musamathamange. Ngati simukutsimikiza kuti mwaupeza mnofu wake, sambani m'manja, lowetsani chala chimodzi kunjira yoberekera n'kufinya, mukamva chala chikupanidwa ndiye kuti ndi womwewo.

Finyani kosachepera ka 8, katatu pa tsiku. Mukazolowera onjezerani mpaka kugwira masekondi 10, muzipanganso mutakhala pansi kapena mutaimirira, n'kumaphatikizapo kufinya kwachanguchangu kongogwira n'kusiya. Ndiye chonde pirirani, pamafunika miyezi itatu mukupanga tsiku ndi tsiku musanaweruze kuti zikuthandiza kapena ayi, ambiri amasiya pakangotha sabata ziwiri ati palibe kusintha, pomwe mnofu sulimba mwachangu choncho. Musamapange mafizowa poimitsa mkodzo pamene mukukodza, chizolowezi chimenecho chimapangitsa kuti chikhodzodzo chisamathe mkodzo wonse. Kanjira kena kothandiza lero lomwe ndi aka: mukamva kuti chitsokomolo kapena kuyetsemula kukubwera, kapena musananyamule mwana, finyani kaye kumusiko kenako tsokomolani.

Madzi musasiye kumwa poopa kudontha, mkodzo ukalimba umanyanyula chikhodzodzo ndipo kudzimbidwa kumakula. Chepetsani khofi, tiyi ndi mowa. Ngati thupi ndi lalikulu kwambiri, kutsitsako ngakhale pang'ono kumachepetsa kudontha, ndipo fodya siyani. Mapadi gwiritsani ntchito inde, makamaka opangidwira mkodzo chifukwa amayamwa bwino kuposa a kumwezi, muzisintha akanyowa kuti khungu lisanyeke, koma padi sachiza.

Miyezi itatu ikadutsa zinthu zili pomwepo, musakhale chete. Lembani kwa masiku atatu zimene mwamwa, nthawi imene mwakodza ndi chimene mumapanga pamene mkodzo unadontha, mupite nazo kwa dokotala kapena anesi. Akhoza kukutumizani kwa a fizo kuti aone ngati mukufinya molondola, kapena kukuikani pessary, kachipangizo kolowetsa kunjira yoberekera komwe kamachirikiza njira ya mkodzo. Zikakanika palinso jakisoni wa mankhwala okhuthalitsa m'mbali mwa njirayo kuti izitseka bwino, ndi opaleshoni yoika lamba wamng'ono pansi pake kapena kukweza khosi la chikhodzodzo. Funsani bwinobwino ubwino ndi kuopsa kwa njira iliyonse, ndipo ngati mukufunabe kudzabereka auzeni, chifukwa opaleshoni nthawi zambiri amadikira mpaka mutamaliza kubereka.