Momwe mungapulumutsire gemu yakale yomwe sinafike pamsika

Mu February 2021, gulu losunga magemu akale lotchedwa Forest of Illusion linaika pa intaneti Dinosaur Planet, gemu imene kampani ya Rare ya ku England inkapangira makina a Nintendo 64 koma sinagulitsidwepo m'sitolo. Ntchitoyo inasamutsidwira pa GameCube n'kutuluka mu 2002 ili ndi dzina lina, Star Fox Adventures, zambiri zitasinthidwa. Kwa zaka pafupifupi 20 anthu ankangoona zithunzi ndi timavidiyo. Gululo linagula disiki kwa munthu wina wotolera magemu ku Sweden, ndipo gemu inali mmenemo inali ya pa 1 December 2000.

Makope oyeserera otere, amene eni ntchitoyi amawatcha prototype, amabisala m'makatoni a anthu amene ankagwira ntchito kumakampani a magemu kapena kumagazini. Katundu wotere amathera m'misika ya zinthu zakale, moti achibale athu okhala ku Britain kapena ku America akhoza kukumana naye. Kope lotere likakugwerani m'manja, chitani izi.

Yambani ndi kuliyang'ana bwino. Katiriji yoyeserera nthawi zambiri ilibe chithunzi chokongola. Imakhala ndi kapepala kolembedwa pamanja kapena kotayipa, kosonyeza dzina ndi deti, ndipo ina imakhala bolodi lopanda chikuto. Makatiriji aja a magemu ambirimbiri m'katiriji imodzi, amene ambiri tinakulira nawo, ndi ongokopera ndipo sali m'gulu limeneli. Jambulani mbali zonse ndi foni, ndipo lembani kumene mwalipeza ndi zimene wogulitsa wanena za mwiniwake woyamba.

Chachiwiri, musaliyatse. Apa mtima umathamanga, munthu amafuna aone ngati gemu ikusewera, koma makina akale okhala ndi adaputala yolakwika akhoza kuwotcha chinthu chimene mwina chatsala chokhachi padziko lonse. Ma prototype ambiri a m'makatiriji analembedwa pa machipu otchedwa EPROM. Mudzawazindikira ndi kawindo kagalasi pamsana pake, kamene kamakhala kotsekedwa ndi sitika. Sitikayo musaimatule. Chipu cha mtundu umenewu chimafufutidwa ndi kuwala kwa ultraviolet kolowera pa kawindoko, ndipo dzuwa lili nako kuwala kumeneku. Ngakhale chitasungidwa mumdima, mphamvu ya magetsi imene imagwira deta m'kati mwake imatha pang'onopang'ono pakapita zaka zambiri. N'chifukwa chake kusunga katiriji m'kabati n'kumadikira kuti mtengo ukwere ndimakuona ngati kutaya chinthucho mwadala.

Chachitatu ndiye ntchito yeniyeni: kukopera zonse za m'katimo n'kuziika pa kompyuta. Pa katiriji pamafunika kachipangizo kowerengera, monga Retrode, kamene kamawerenga za Super Nintendo ndi Mega Drive, kapena Open Source Cartridge Reader, imene imalandira mitundu yambiri. Pukutani mano a katiriji, tizitsulo tija tolowa m'makina, ndi kathonje konyowetsa mu isopropyl alcohol, mudikire aume. Ngati chipu chili chokha, chimawerengedwa ndi makina olembera ndi kuwerengera ma EPROM, koma kuchotsa chipu chowotcheredwa pa bolodi siyirani munthu amene dzanja lake linazolowera. Ikakhala CD, pangani fayilo ya kope lathunthu la disiki yonse (disc image), chifukwa kukoka mafayilo okha kumasiya nyimbo ndi zina zobisika. Ma floppy amafuna chipangizo ngati Greaseweazle kapena KryoFlux, ndipo ikani kaye kachotchingira kake pamalo oletsa kulemba kuti kompyuta isalembemo kanthu.

Kuwerenga kamodzi sikokwanira. Werengani, zulani, bwezeraninso, muwerengenso kangapo. Fayilo iliyonse muiwerengetsere nambala yake yoizindikiritsa, monga SHA-1 kapena CRC32. Nambalazo zikafanana ulendo uliwonse, mwakopera bwino. Zikamasinthasintha, mano akadali akuda kapena chipu chayamba kufooka. Zikatero musafufute fayilo ngakhale imodzi, chifukwa akatswiri amatha kufananiza makope olakwika angapo n'kupeza loona.

Kenako yerekezani nambala yanuyo ndi zimene zili m'kaundula wa No-Intro, wa magemu a m'makatiriji, kapena wa Redump, wa magemu a m'madisiki. Ikapezeka kuti ndi yofanana ndi ya gemu yogulitsidwa m'sitolo, ndiye kuti muli ndi kope wamba m'chikuto chachilendo. Ikakhala yosiyana, pamenepo pali nkhani.

Tsopano mukhoza kusewera, koma pa kope la fayiloyo, mu emulator, pulogalamu ya pa kompyuta yotsanzira makina a magemu. Gemu ikamaima kapena zithunzi zikamasokonekera musafulumire kunena kuti yawonongeka. Dinosaur Planet nayonso sinkayenda bwino pa ma emulator itangotuluka. Fayilo yoyambayo musaikonze chilichonse. Lembani zosiyana ndi gemu yomalizidwa: malo, nyimbo, mayina, ma menyu a anthu oyesa gemu. Zosiyanazi n'zimene zimapatsa chinthucho phindu. Mu Sonic the Hedgehog 2 ya 1992 anachotsamo gawo lotchedwa Hidden Palace Zone, ndipo anthu analiona bwino kudzera m'makope oyeserera, kufikira pamene linamalizidwa n'kubwezeretsedwa mu gemu ya pafoni ya 2013.

Pomaliza sungani fayilo, zithunzi ndi zolemba zanu m'malo osachepera awiri, kenako lumikizanani ndi anthu a ntchitoyi. Webusaiti ya Hidden Palace, imene inatenga dzina ku gawo lija, imasunga ndi kutulutsa ma prototype. The Cutting Room Floor imalemba mwatsatanetsatane zosiyana zake. Video Game History Foundation, bungwe la ku America limene Frank Cifaldi anakhazikitsa, limasunga zinthu za mbiri ya magemu. Dziwani kuti pulasitiki ndi chipu n'zanu, koma umwini wa gemuyo ukadali wa kampani imene inaipanga, choncho fayiloyo musaigulitse, ndipo za kuitulutsa poyera kambiranani kaye ndi mabungwe amenewa. Katirijiyo iikeni m'kathumba koteteza ku magetsi a static, pamalo ouma, kutali ndi zenera.