Kuthandiza Wodwala Matenda a Motor Neurone Akayamba Kubanika

Matenda a motor neurone amapha pang'onopang'ono mitsempha imene imatumiza uthenga kuchokera ku ubongo kupita ku minofu, ndipo kufookako kukafika pa mnofu waukulu umene uli pansi pa mapapo, wodwala amayamba kupuma movutikira. Osamalira odwala azindikire kuti mapapowo amakhala alibe vuto. Chimene chatha mphamvu ndi minofu yokoka ndi kutulutsa mpweya.

Vutoli limayamba kuonekera usiku. Munthu akagona chagada, za m'mimba zimakankha mnofu wofooka uja, kupuma kumachepa, ndipo mpweya woipa wa carbon dioxide umachuluka m'magazi. N'chifukwa chake wodwala amadzidzimukadzidzimuka kutulo, amadzuka mutu ukuwawa, kenaka n'kumaodzera masana onse. Achibale ambiri amangoti ndi kutopa, koma zizindikirozi n'zofunika kukazinena kuchipatala msanga. Pogona, mutsamiritseni ndi mapilo kapena mabulangete opinda kuti chifuwa ndi mutu zikhale m'mwamba, ndipo akabanika tsegulani zenera kapena mukupizeni kumaso, pakuti kamphepo kameneka kamachepetsadi befu.

Pali cholakwa chimene anthu amachita chifukwa cha chifundo, ndicho kumuika wodwala pa okosijeni popanda dokotala wodziwa matendawa. Okosijeni yekha angachititse kuti thupi lichepetse kupuma, mpweya woipa uja n'kuwonjezereka mpaka munthu kukomoka. Chimene chimathandiza ndi makina otchedwa NIV, amene amakankhira mpweya m'mapapo kudzera pa chovala cha kumphuno, makamaka nthawi yogona. Amene ali nawo akhalenso ndi batire, poti magetsi akathima pakati pa usiku makinawo amaima. Mankhwala ogonetsa nawonso asamwedwe dokotala asanavomereze.

Kutsokomola kukafooka, makhololo amatsalira m'chifuwa ndipo chibayo chimalowa mosavuta. Chibayo ndi chimene chinachititsa kuti katswiri wa sayansi wa ku Britain, Stephen Hawking, amene ankadwala matenda a motor neurone, abooledwe pakhosi mu 1985 kuti azipuma, ngakhale kuti iye anakhalabe ndi moyo mpaka 2018, zimene sizichitika kawirikawiri. Choncho wodwala azidya atakhala tsonga, mosafulumira, chakudya chofewa monga phala lolimbirako, chifukwa madzi ndi zakumwa zopyapyala ndizo zimatsamwitsa kwambiri. Mbaula ndi utsi wa nkhuni zisayandikire chipinda chake, ndipo wachimfine asamuyandikire. Thupi likatentha kapena makhololo akasintha mtundu, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo.